Ndinaseketsa dziko ndi mpunga wa apongozi anga

Inu owerenga, ine ndine munthu amene anatsala pang'ono kutaya banja chifukwa cha kamunthu ka m'gemu kokwera makwerero. Musafulumire kuseka, poti kusekako ndi kumene kunandipweteka. Dzina langa sinditchula, ngakhale ndikudziwa kuti ena mwa inu nkhope yanga munaiona kale pa foni, ndipo mwina munatumizirako anzanu. Ngati munatero sindikukuimbani mlandu. Wolakwa ndine, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mwatsatanetsatane mmene ndinalakwira kuti wina asadzaponde pamene ndinaponda ine.

Kwathu ndi kufupi ndi Songani. Makolo athu akale anachokera ku Mozambique, ndipo ife ndife anthu a chimanga, nandolo ndi chinangwa. Za mpunga ndinkangodziwa kudya basi. Nditakwatira ndinapita chikamwini kwawo kwa mkazi wanga Esinati, m'mudzi wina wa kwa Kuntumanji, kufupi ndi nyanja ya Chilwa, kumene munthu akadzuka amayamba wafunsa za madzi a m'munda asanafunse mmene mnzake wagonera. Apongozi aamuna ndinapeza atamwalira kale. Pakhomo pankalamula apongozi aakazi, mayi wamtali wosalankhulalankhula, ndipo nkhani zikuluzikulu ankaweruza ndi achimwene awo, amalume ake a Esinati.

Mabanja ambiri anasiya zopewana pakati pa mkamwini ndi apongozi, koma pakhomo limeneli mwambowu unali wamoyo. Apongozi sankandiyang'ana kumaso, sankanditchula dzina, ndipo sitinkadyera pamodzi. Tikakumana m'njira ankapatuka n'kuyang'ana kumbali mpaka nditadutsa, pokhapokha ngati ine ndayamba kuwaona n'kupatuka msanga. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, ine ndili chiimire pomwepo: "Uwauze abambo a Chisomo kuti khasu lawo aiwala kudambo." Chisomo ndi mwana wathu wamkazi. Ine zimenezi zinkandinyansa kwabasi. Ndinkati n'zachikale, ndipo ndinkamuseka Esinati kuti iye ndiye foni ya amayi ake. Iye ankandiyankha kuti umenewo ndi ulemu umene amapatsa mkamwini yekha, ndipo tsiku limene amayi ake adzandiyang'ane m'maso ndidzalira. Ndinkangoti ndi nkhambakamwa za azimayi.

Tsopano za magemu. Tsiku lina la msika ku Songani ndinapeza, pakati pa mawailesi akufa ndi matchaja a wogulitsa zinthu zakale, kagemu ka m'manja kodzaza ndi magemu akale aja amene tinkaonerera tili ana. Amene munawasewerapo mukuwadziwa. Zithunzi zake n'zamabokosimabokosi, nyimbo yake ndi kulira kwa udzudzu, ndipo chisoni alibe. Ukalakwitsa kamodzi wafa, ukafa ukuyambira poyamba penipeni. Ine ndiye munthu wa mtima wapachala, ndiye ndikamasewera ndinkakalipira kamunthu ka m'gemumo ngati mwana wanga. Esinati ndi amene anayamba kundijambula mondibisira, akufa nako kuseka kuseri kwa nkhokwe. Titaika kavidiyoko pa intaneti, anthu osatidziwa n'komwe anayamba kulemba kuti akufuna kena.

Basi, ndinapeza ntchito imene palibe anandilemba. Ndinkayamba vidiyo mwaulemu ngati mlaliki, kupereka moni kwa onse, n'kunena kuti lero tili ndi gemu ina yopangidwa ndi munthu wodana ndi anthu anzake. Pofika kumapeto ndinkakhala nditavula chipewa, mitsempha ya m'khosi ili njo. Inalipo ya kamsilikali kotha kugwetsa ndege ndi mfuti, koma kakaponda madzi ofika m'maondo kafa. Ndinakauza kuti kasadzayerekeze kubwera ku Chilwa, kadzafera pamjigo. Inalipo ya galimoto yophulika ikangokhudza udzu, pamene minibasi za kwathu zimafika ku Liwonde chitseko chili chomanga ndi chingwe. Anthu ankaseka, ine mutu n'kumakula. Esinati ankandibwereka foni yake poti ndiyo inali ndi kamera yabwino, ndipo kunena zoona sankaona cholakwika chilichonse. Ntchito za pakhomo ndinkagwira, magemu anali a madzulo.

Kumapeto kwa munda wa apongozi kunali ndime yaing'ono imene ankaisamala kuposa ina yonse. Munali mpunga wakale wonunkhira umene anasiyiridwa ndi amayi awo, wosapezeka pamsika, umene pakhomo ankangoutchula kuti mpunga wa agogo. Sankaugulitsa. Ankauphika pa Khirisimasi, paukwati, kapena kukabwera mlendo wolemekezeka, ndipo ukakhala pamoto anthu odutsa m'njira ankachepetsa liwiro. Chaka cham'mbuyo mwake madzi osefukira anali atakokolola wambiri, kotero kambewu konse kamene kanatsala anakadzala m'ndime imeneyo kuti kachulukane. M'nyumba munalibe ngakhale kodzaza dzanja. Ndiye mpunga utangoyamba kutulutsa ngala, mwendo wa apongozi unatupa moti sakanatha kukwera pansanja. Uthenga unabwera kudzera mwa Esinati monga mwa nthawi zonse, woti abambo a Chisomo akaingitse mbalame, makamaka kundime ya mbewu.

Amene simunaingitsepo mbalame m'munda wa mpunga musaganize kuti n'kungokhala. Umakwera pansanja dzuwa lisanatuluke. M'munda monse mumakhala mutayalidwa zingwe zomangirira zitini za miyala ndi majumbo, zonse zothera pansanjapo. Mpheta zikamabwera umakoka chingwe cha mbali imeneyo, umakuwa, umaponya zibuma za dothi. Zikathawa kuno zimakatera uko, ndipo maso ako sayenera kuchoka pamunda mpaka dzuwa litalowa. Masiku oyamba ndinagwira bwino. Kenako ndinayamba kutopa nako kungoyang'ana, ndipo tsiku lina ndinaponya kagemu kaja m'thumba pamodzi ndi foni ya Esinati.

Apa m'pamene ndinadziona wanzeru kuposa alimi onse a kwa Kuntumanji. Nditangokuwira kamunthu ka m'gemu koyamba, mbalame zonse zinauluka m'munda. Ndinati eya, ntchito ziwiri pakamwa pamodzi! Ena akutha mawu kukuwira mpheta pachabe, ine ndikukuwa komweko n'kumajambula. Vuto linali limodzi. Ndikakhala moyang'ana ndime ya mbewu, dzuwa linkawalira pagalasi la kagemu, nkhope yanganso inkaoneka yakuda bii pa kamera. Ndiye ndinamangirira foni pamtengo wa mbali inayo, n'kukhala chofulatira ndime imene ananditumira.

Gemu imene ndinkalimbana nayo masiku amenewo inali ya kamunthu kokwera makwerero a nyumba yosanja. Kakatsala pang'ono kufika pamwamba, kambalame kankatulukira kumbali n'kukagunda, iko n'kugwa mpaka pansi. Inandizunza gemu imeneyo, ndipo ndinalumbira kuti sindiisiya ndisanaimalize. Ndinalimbana nayo masiku angapo, mutu uli pansi, zingwe osazikhudza, chibuma osaponya ngakhale chimodzi. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mpheta zimaphunzira. Zikaona kuti munthu akungokuwa koma palibe chikugwedezeka, zimamuzolowera. Sindinkadziwanso kuti mpunga ukakhala pa mkaka, njere zisanalimbe, mbalame sizithyola ngala. Zimangofinya njere n'kumwa zam'kati, makoko n'kutsala pomwepo. Madzulo ndikamatsika ndinkaponya diso patali, n'kuona mpunga uli chiimire, n'kumapita kunyumba ndikuimba mluzu.

Ndinazindikira masana ena nditakhala pamthunzi, ndikudula mavidiyo aja kuti ndiwalumikize. Panali malo amene ndinakwiya kwambiri, kamunthu kaja katagwanso, ndipo ndinaloza kamera n'kunena kuti: "Munthu wamkuluwe, kulephera kambalame kamodzi? Bwera kuno tidzakuphunzitse! Ine mbalame zimandidziwa, zikandiona zimakhota!" Ndikunena zimenezo, kumbuyo kwa phewa langa kunkatsika chimtambo cha mpheta, n'kutera mwakachetechete pandime ya apongozi ngati anthu ofika pamaliro. Ndinataya foni pansi n'kuthamanga. Ngala zinali zitayera mbuu. Ndinafinya iyi, mulibe kanthu. Ndinafinya iyo, mulibe kanthu. Ndinazungulira ndime yonse, ndipo zimene zinali ndi njere sizikanadzaza ngakhale chipewa changa.

Kunyumba ndinanena theka la zoona. Ndinauza Esinati kuti mbalame zachuluka chaka chino, zandilaka. Iye anapita kukauza amayi ake, ndipo yankho linabwera lakuti abambo a Chisomo asadandaule, mbalame n'za Mulungu, nafenso zinatilakapo. Esinati anandiuza kuti atanena zimenezo analowa m'nyumba n'kukalira okha. Inu owerenga, nkhani ikanathera pamenepa bwenzi lero ndilibe chokuuzani. Mkamwini wosadziwa mpunga walephera mbalame, akhululukidwa, moyo ukupitirira.

Koma vidiyo ija sindinaifufute. Ndinkaionera ndekha kuseri, ndipo ngakhale mtima unkandipweteka, ndinkaona kuti chiyambireni sindinajambulepo yoseketsa chonchi. Satana wake anali ameneyo. Ndinadziuza kuti mpunga wapita kale, kubisa vidiyo sikuubweza. Ndinadziuzanso kuti apongozi ali ndi kafoni ka mabatani, za pa intaneti adzazionera kuti? Ndinafika poikamo kamuvi koloza mbalamezo ndi kulira kwa ng'oma pamene zikutera, kuti woonera asaphonye. Tsiku la msika ndinapalasa njinga mpaka ku Songani kumene netiweki imagwira bwino, n'kuiponya pa intaneti. Sindinazengereze n'komwe, ndipo zimenezo ndi zimene zimandichititsa manyazi mpaka lero.

Inayenda ngati moto wa m'dambo. Anthu ankatumizirana, oika nyimbo m'mamemori ankaiika ngati basera, m'mavidiyo sho ankaionetsa filimu isanayambe. Ine ndinkayenda chifuwa patsogolo. Kenako Lamlungu lina, amayi a kutchalitchi atakhala pansi pa mtengo mapemphero atatha, mtsikana wina anaitulutsa kuti aseketse anzake. Foni inayenda dzanja ndi dzanja, onse akugwa nako kuseka, mpaka mayi wina anazindikira mgwalangwa wopendekeka umene uli pamalire a munda wathu. Kuseka kunazima. Apongozi anali pomwepo, ndipo akuti anatambasula dzanja, n'kupempha kuti awayambitsire poyamba. Anaionera mpaka kumapeto.

Anandipeza ndikumata tayala la njinga pabwalo. Nditawaona akubwera ndinadzuka kuti ndipatuke monga mwa chizolowezi, koma iwo sanakhote. Anabwera molunjika, akukoka mwendo wotupa uja, n'kuima patsogolo panga penipeni. Anandiyang'ana m'maso. Chikwatirireni mwana wawo ndinali ndisanaonepo maso awo, ndipo sindinkadziwa kuti ndi ofiirira ngati a Chisomo. Kenako ananditchula dzina langa lenileni, lopanda ulemu uliwonse kutsogolo kwake.

"Iwe, mpunga wa amayi anga waseketsa anthu angati?"

Ndisanayankhe, anapitiriza:

"Mbalame ndinazikhululukira, ndi iwe yemwe ndinakukhululukira. Koma iwe unaona, n'kuikapo ng'oma."

Anatembenuka n'kumapita. Pamenepo m'pamene mawu a Esinati aja anandibwerera. Kundipewa konse kuja kunali kunena kuti ndine mwamuna wa mwana wawo, munthu woyenera ulemu pakhomopo. Tsopano anandilankhula mmene amalankhulira mnyamata aliyense wodutsa m'njira.

Ankhoswe anakumana, ndipo nkhani sinatalike poti umboni unali m'foni ya aliyense. Amalume anandiuza mofatsa kuti ndipite kwathu ndikapume kaye. Amene mukudziwa chikamwini mukudziwa kuti kupuma kumeneko ambiri sabwerako. Esinati sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anangotenga foni yake n'kunena kuti: "Munajambulira yanga. Anthu akuti ndinali nanu limodzi poseka amayi." Ndinamanga zovala panjinga, Chisomo akundifunsa ngati ndikukagula mandasi, ndipo palibe anandiperekeza.

Ku Songani ndinafika ngati mfumu. Akabaza ankandikuwira kuti "A Mbalame!", anyamata ankafuna kujambulitsa nane, ndipo anzanga ankandikakamiza kuti ndijambule ina msanga anthu asanaiwale. Wina anachita kundiuza kuti ndikajambule apongoziwo akukalipa, imeneyo ndiye idzaphulika. Ndinatsala pang'ono kumumenya. Vidiyo ndinaichotsa patsamba langa, koma kunali kutseka khola mbuzi zitamwazikana kale m'midzi. Masiku oyamba ndinkakwiyira aliyense: mtsikana wa foni uja, mayi wozindikira mgwalangwa, ngakhale mpheta zimene. Koma mkwiyo utatha ndinatsala ndekha ndi chimene ndinachita, ndipo ndinaona kuti ndikangokhala, mwana wanga adzakula akundidziwira m'vidiyo imeneyo. Ndinatsimikiza mtima kuti ndibwerera pakhomo paja, kaya zitenga nthawi yaitali bwanji. Magemu akale aja, ndi nkhanza zawo zonse, anali atandizoloweza chinthu chimodzi, kuti ukagwa palibe wokunyamula, umayambira pansi n'kukweranso. Kagemuko ndinakatsekera m'sutikesi ya amayi anga n'kuwasiyira kiyi.

Kupepesa ndi pakamwa sikukanathandiza, poti pakamwa pomwepo ndi pamene panandilakwitsa. Chofunika chinali mbewu. Ndinakumbukira kuti Esinati anandiuzapo za mayi ake aang'ono amene anakwatiwa pachilumba cha Chisi kalekale, ndipo popita anamanga mpunga wa agogo pakona ya chitenje. Iwo anamwalira, koma mwana wawo wamkazi anali komweko. Nthawi yokolola itakwana ndinakwera boti, ine munthu wa kumtunda woopa madzi, nditagwira thabwa ndi manja onse awiri mpaka kukafika.

Mayiyo nditamupeza sindinafunike kudzifotokoza. Anangondiyang'ana n'kunena kuti: "Ndinu a mbalame aja eti?" Vidiyo inali itawoloka nyanja ine ndisanawoloke. Anandisiya chiimire padzuwa nthawi yaitali asanandipatse mpando. Nditafotokoza chimene ndadzera, anati mpungawo ulipo m'munda wake wa m'mphepete mwa chilumba, koma pa zaka zonsezi unasakanikirana ndi mitundu ina, ndipo iye alibe nthawi yosankha. Ngati ndikuufuna ndimuthandize kukolola munda wonse, ndipo ndizipatula ndekha ngala za agogo imodziimodzi ndi kampeni. Anandionetsa mmene zimaonekera, zazitali, za ndevu zofiirira kunsonga, ndipo ukatikita njere m'manja fungo limakuuza lokha. Ndinavomera asanamalize kulankhula. Ndinkagona m'khitchini mwake, udzudzu wa pa Chisi ukundidya ngati ndiwo, msana ukuwawa, zala zitachekekachekeka. Pochoka ndinali ndi kathumba koti mwana akhoza kunyamula, koma m'boti ndinakakumbatira ngati khanda.

Ndinakatula kwa amalume, poti pakhomo sindikanafika. Anaitanitsa apongozi. Iwo anatapa njere pang'ono, kutikita, kununkhiza. Mtima wanga unayamba kudumpha kuti basi zatheka. Koma anadzutsa mutu n'kundiyang'ananso m'maso momwe muja.

"Ndi womwewo. Nanga ukufuna ndikuombere m'manja? Wa m'thumba mbalame sizidya. Tidzaone ukadzafika pa mkaka."

Amalume anagamula kuti ndime ija ndiilime ndekha dzinja lotsatira, koma pakhomo ndisagone. Ena akanaona ngati chipongwe. Ine ndinaona khomo lotsekulidwa pang'ono, ndipo ndinaikapo phazi. Ndinamanga kamsasa kumtunda kwa dambo, ndipo podikira mvula ndinkagwira maganyu kwa asodzi, kukoka makoka ndi kuyanika matemba. Mvula itagwa ndinafesa nazale. Ndinaphunzira kuwokera pofunsa aliyense amene akanandiyankha, ngakhale amene ankayamba andiseka kaye. Misundu inandiyamwa, mapazi anang'ambika ndi madzi, malungo anandigwetsa kamodzi koma ndinadzuka. Anthu odutsa ankaliza mluzu ngati mpheta, ena n'kutulutsa mafoni kuti andijambule nditakwiya. Mkwiyo unkabwera ndithu, mpaka kukhosi, koma ndinkaumeza n'kuwerama. Chisomo ndinkamuonera patali akupita kumjigo ndi amayi ake, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa misundu.

Mpunga utafika pa mkaka ndinasamukira pansanja. Foni yanga ndinaisiya kumsasa. Ndinakhala choyang'ana ndime, dzuwa likundiwotcha kumaso komwe kuja ndinkakuteteza chifukwa cha kamera. Ndinakoka zingwe mpaka zikhatho zinatuluka matuza, ndinaponya zibuma mpaka phewa linauma, ndinakuwa mpaka mawu anatheratu n'kutsala kunong'ona, ndiye ndinkangomenya chitini ndi mtengo. Mpheta zinabwera mwaukali ngati zikukumbukira phwando la chaka chatha. Tsiku lina masana nditatsika ndinapeza kambale kovundikira patsinde pa nsanja, muli mbatata yophika. Panalibe munthu, koma kambaleko ndinakadziwa, poti ndinakagula ndine titangokwatirana. Kuyambira tsikulo kankabwera tsiku lililonse, ine n'kumakatsuka n'kukasiya pomwepo.

Mbalame zinadyako, sindinama, makamaka m'mphepete. Koma ngala zambiri zinalimba, zinawerama, zinapsa. Tsiku lomweta ndinamanga chimtolo chachikulu n'kusenza kuti ndikatule kwa amalume. Njira ya m'dambo ndi kamzere kopapatiza kotchinga madzi, koti anthu awiri sangapambanepo, uku thope uku thope. Ndili pakati ndinaona apongozi akubwera kutsogolo kwanga, Esinati ali pambuyo pawo. Ndinaima n'kuyamba kufufuza ndi phazi poti nditsikire, chimtolo chikundilemera, ndipo ndinakonzeka kuyang'anidwanso m'maso.

Iwo anaima patali pang'ono. Anayang'ana ngala zimene zinkalendewera pamutu panga, nthawi yaitali ndithu. Kenako, ine ndisanatsike, anatsika ndi iwo. Analowetsa mwendo wawo wovuta uja m'thope mpaka m'katumba, anakokera chitenje kumutu, n'kutembenuzira nkhope kumbali.

"Esinati, uwauze abambo a Chisomo adutse. Mpungawo akatulire pakhomo."

Sindinadikire kuti Esinati andiuze. Ine ndinadutsa, misozi ikutsikira m'khosi, manja onse ali kumtolo moti sindikanatha kuipukuta. Chibadwire sindinalandirepo ulemu waukulu ngati wa mayi amene uja kukana kundiyang'ana.

Inu owerenga, musati poti ndinabwerera ndiye kuti zonse zinakonzeka. Mpunga unabwerera, koma vidiyo ikuyendabe. Posachedwapa kuchigayo mlendo wina anaionetsa apongozi anga, osadziwa kuti munda akuusekawo ndi wawo, ndipo iwo anangosenza ufa wawo n'kumapita. Chimenecho sindingachikolole n'kuchibweza, ndipo ndidzakhala nacho mpaka kufa.

Ndiye inu achinyamata amene mukujambula zoseketsa, sindikuti musiye. Kuseketsa anthu si tchimo, ndipo magemu akale aja ngoyeneradi kukalipiridwa. Koma mukapatsidwa ntchito yoyang'anira chinthu cha munthu, yang'anani chinthucho, kamera idikire. Ndipo tsoka la m'nyumba mwanu likagwera m'foni, kaya likuseketsa chotani, dzifunseni kuti mwini tsokalo adzamva bwanji akadzaliona m'manja mwa alendo, chifukwa adzaliona ndithu, ngakhale ali ndi kafoni ka mabatani. Anthu amene ankandikuwira ku Songani aja palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzandikokera chingwe pansanja.

Kagemu kaja ndinakatenga kwa amayi anga titamaliza kupuntha mpunga, ndipo ndi Esinati amene anachita kundiuza kuti ndikatenge. Ndimajambulabe mwa apo ndi apo, ntchito za kumunda zikatha, ndipo gemu ya makwerero ija sindinaimalizebe. Koma tsopano ndisanakanikize batani lojambulira, ndimayamba ndatembenuka n'kuona chimene chili kumbuyo kwanga.